Sewero likakoma, kumbukirani a kuseri kwa chinsalu

Tsiku la malipiro likayandikana ndi Lamulungu, m'misika ya m'mphepete mwa minda ya tiyi ku Thyolo anthu amachita kuthithikana. Pa Bvumbwe, pa Thunga, pa Makwasa mpaka ku Luchenza, ogulitsa kaunjika, usipa ndi zitumbuwa amadziwa kuti ndalama yatuluka ku esiteti. Nawo a zisudzo amadziwa.

Masana otere mupeza holo ya sukulu kapena ya tchalitchi atatchinga mawindo ndi zitenje kuti osalipira asaonere ulere. Ng'oma zimayamba kuitana anthu nthawi ikadalipo, ana amaunjikana pakhomo, ndipo pofika m'ma 3 koloko m'katimo mumasowa poponda.

Sewero likatha, anthu amatuluka akukamba za mnyamata amene adasewera ngati kapitawo wovuta, kapena za mtsikana wa mawu anthetemya amene adaliza amayi ndi nyimbo yake. Koma ndi angati amafunsa kuti nyimboyo adapeka ndani? Nanga yunifolomu ya kapitawoyo adasoka ndani, ndipo adalipidwa? Magetsi atathima pakati pa sewero, adathamangira jenereta ndani?

Anthu amenewa ali kuseri kwa chinsalu. Sitiwaombera m'manja, mayina awo salembedwa pachikwangwani, ndipo ndalama ya pakhomo ikachepa ndiwo amayamba kuuzidwa kuti adikire ulendo wina. Komatu gulu la zisudzo silifa chifukwa chosowa osewera, pakuti achinyamata ofuna kuonekera pansanja ndi ambirimbiri. Limafa tsiku limene woimba ng'oma watopa, telala wakana ngongole ndipo msungichuma wasiya kukhulupiridwa.

Si chinthu chachilendo

Sewero la nyimbo ndi lija nkhani yake imayenda ndi kuimba komanso kuvina. Osewera amalankhula, koma zikafika pothina, mawu amasanduka nyimbo. Ku London ndi ku New York kuli nyumba zikuluzikulu zoonetsera masewero otere, ndipo kumeneko wolemba nkhani, wopeka nyimbo, wophunzitsa kuvina, wosoka zovala ndi woyendetsa magetsi aliyense ali ndi ntchito yake ndi malipiro ake.

Ambiri kuno tidalidziwa sewero lotere kudzera mu kanema wa Sarafina! yemwe adatuluka m'chaka cha 1992 n'kuzungulira m'nyumba zoonetsera vidiyo m'matauni mwathu. Lisadakhale kanema, lidali sewero la pansanja lomwe lidayamba kuonetsedwa ku Johannesburg m'chaka cha 1987. Nkhope ya Leleti Khumalo anthu amaikumbuka mpaka lero. Koma ndi ochepa angakuuzeni kuti adalemba seweroli ndi Mbongeni Ngema, ndipo kuti pa nyimbo adathandizana ndi Hugh Masekela. Ngakhale kunja komweko, maso amathera pa amene ali kutsogolo.

Kwathu kuno kusakaniza nkhani ndi nyimbo sitidachite kuphunzira kwa wina. Agogo akamakamba nthano madzulo, ana n'kumavomera kuti tili tonse, pakati pa nthanoyo pamabwera nyimbo yomwe aliyense amayenera kupolokozana nayo. M'matchalitchi, sewero la Khirisimasi ndi la masautso a Yesu sililongosoka popanda kwaya.

Ku Thyolo kulinso Tchopa, gule wa Alhomwe yemwe amavinidwanso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Mu Tchopa ovina amazungulira bwalo akupingasana, ena atabereka mitolo ya makasu, zikopa za nyama, zidole, zida zosakira ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Ng'oma zimakhala zitatu zosiyana misinkhu. Bungwe la UNESCO lidaika guleyu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse m'chaka cha 2014, ndipo pofotokoza za iye lidatchula poyera kuti osema ng'oma ndi okonza zovala ali m'gulu la eni gule pamodzi ndi ovina. Makolo athu adadziwa kale kuti bwalo limayambira kwa mmisiri.

Tiyi ndiye amalamula

Kuti mumvetse ntchito ya a kuseri kwa chinsalu ku Thyolo, yambani mwamvetsa tiyi. Mbewuyi idayamba kulimidwa mwa malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenaka idafalikira ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, idayamba m'chaka cha 1923. Minda ngati Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Nchima idakula ndi manja a anthu ambiri, makamaka Alhomwe omwe adalowa kuchokera ku Mozambique, n'kukhala pamalo a azungu pansi pa thangata. Lero, nthawi ya mvula, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje imalemba anthu pafupifupi 50,000.

Tiyi amaphuka kwambiri kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Miyezi imeneyi wotchola amalawirira m'mamawa dengu lili kumsana, ndipo amaweruka thupi lonse likuphwanya. Munthu wotero simungamuuze kuti madzulo abwere kudzayeserera kuvina maola awiri. Chilimwe chikafika masamba amachepa, ambiri olembedwa pakanthawi amaimitsidwa, ndipo nthawi imapezeka yambiri.

Apa ndi pomwe pagona mutu wa wotsogolera gulu. Nthawi imene anthu ali ndi ndalama yolowera m'holo, osewera alibe mpata wokonzekera. Nthawi imene osewera ali ndi mpata, m'matumba mwa oonera mwauma. Khirisimasi, yomwe ndi nyengo yabwino ya zisudzo, imagwa pakatikati pa ntchito yotchola.

Gulu lanzeru limaphika sewero lake m'chilimwe, kuyambira cha mu Juni mpaka Okutobala, kuti pofika dzinja likhale longotenthetsa. Tsiku loonetsa nalonso silisankhidwa mwachisawawa. Liyenera kutsatana ndi malipiro, lisagundane ndi tsiku la mpira waukulu, ndipo kumadera monga Makwasa, komwe mishoni ya Malamulo yakhalako kuyambira 1902, Loweruka ndi Sabata kwa mabanja ambiri. Woika sewero Loweruka masana kumeneko amataya oonera, mwinanso theka la oimba ake omwe.

Munthu amene amasunga zonsezi m'mutu saoneka pansanja. M'magulu ambiri amangotchedwa mlembi, koma ndiye amadziwa yemwe ali pa shifiti ya usiku kufakitale, yemwe ali ndi maliro, ndi yemwe mwamuna wake wayamba kudandaula za kubwera mochedwa.

Wolemba amayenda pa minga

Masewero ambiri a m'midzi salembedwa mawu ndi mawu. Wolemba amabwera ndi mafupa a nkhani m'kope la sukulu: chiyambi, pothina ndi mathero. Mnofu amaika ndi osewera pokonzekera. Ntchito ya wotsogolera ndi kudula. Wanthabwala akaona kuti anthu akuseka safuna kuchoka pansanja, ndipo sewero la ola limodzi limatha kufika maola atatu, oonera ochokera kutali n'kuyamba kutuluka poopa mdima.

Nkhani zolemba ku Thyolo sizisowa. Kuli kuchepa kwa malo olima, pomwe midzi yapanikizika pakati pa minda ya tiyi. Kuli nthochi zomwe zidali chuma cha bomali koma zidatha ndi matenda a chisaka. Kuli achinyamata opita ku Joni, ngongole za katapila zomwe zimadya malipiro asadafike kunyumba, ndi zilonda za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Kulinso nkhani ya malipiro, yomwe idafika poti m'chaka cha 2016 eni minda ndi bungwe la ogwira ntchito adasainirana mgwirizano woyamba wokambirana za malipirowo. Nkhani ya nkhanza kwa amayi m'minda idafika mpaka kukhoti ku London, ndipo m'chaka cha 2021 kampani ina idalipira amayi 36 ngakhale sidavomere kulakwa.

Koma wolemba wa pa esiteti ali ngati munthu wometa mkango ndevu. Oonera ake akufuna amve zowawa zawo zikutchulidwa. Holo kapena bwalo lomwe wabwereka mwina ndi la esiteti yomweyo. Kapitawo weniweni wakhala pampando wa kutsogolo, ndipo Lolemba m'mawa wosewera ngati kapitawoyo akakumana naye pasikelo.

Luso lake ndi lakale. M'nthawi ya chipani chimodzi, lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lionedwe kaye ndi bungwe la boma lounika zisangalalo lisadaonetsedwe, ndipo olemba adaphunzira kubisa mawu m'nthano, m'miyambi ndi m'nthabwala. Amayi a pamtondo adali atadziwa kale njirayi: nyimbo yosinjira imatchula vuto la m'banja popanda kuloza munthu chala. Wolemba wabwino sagwiritsa dzina la munthu wamoyo, satengera mayendedwe a kapitawo wodziwika, ndipo mawu olasa kwambiri amawapereka kwa oimba onse pamodzi. Munthu mmodzi akhoza kuitanidwa ku ofesi, koma nyimbo yomwe holo yonse yavomera ilibe woimbidwa mlandu.

Ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College, ena mwa iwo Chris Kamlongera ndi David Kerr, adayesa njira ya zisudzo zophunzitsa anthu ku Mbalachanda m'boma la Mzimba m'chaka cha 1981, kenaka m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za umoyo. Phunziro lomwe lidatsala ndi loti sewero limagwira mtima likatenga nyimbo ndi magule a eni dera, komanso likasiya mpata woti oonera ayankhepo. Wolemba wa ku Thyolo amene amayamba wakhala pansi ndi amayi otchola tiyi asadagwire cholembera akuyenda m'mapazi omwewo.

Ng'oma siidzilira yokha

Mu sewero la nyimbo, wopeka nyimbo ali ngati mlamu wake wa wolemba: sangapewane. Nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wa kwaya ya kutchalitchi, yemwe amadziwa kugawa mawu anayi popanda pepala. Ntchito yake si kupeka nyimbo yokoma chabe. Nyimbo iyenera kusuntha nkhani, kuti ikamatha oonera adziwe chinthu chomwe sankachidziwa isadayambe. Iyeneranso kukhala ndi povomera posavuta, komanso kutalika kokwanira kuti wosewera asinthe zovala kuseri.

Chilankhulo nachonso chimafuna nzeru. Achinyamata ambiri a ku Thyolo amalankhula Chichewa, Chilhomwe amangochimva patalipatali. Komabe nyimbo ya Chilhomwe ikalowa pamalo oyenera, mumaona agogo akudzuka pabenchi. Kuyambira pomwe Mulhako wa Alhomwe udakhazikitsidwa, manyazi oimba m'chilankhulochi adachepa. Wopeka wanzeru amapita kwa akuluakulu kukafunsa katchulidwe, komanso kukafunsa nyimbo zomwe siziyenera kutulutsidwa pabwalo la anthu onse, monga za kuchinamwali.

Kenaka pali ng'oma. Woonera amangomva kulira kwake, osadziwa kuti ng'oma ndi chinthu chokhumudwa msanga. Chikopa chimamva nyengo. Chiperoni chikatsika mu Juni ndi Julayi, nkhungu n'kukuta mapiri a tiyi, ng'oma imalefuka n'kumalira ngati mtsuko wosweka. Ndiye kuseri kwa holo kumayaka kamoto ka mapesi kapena udzu, ndipo pamakhala mnyamata amene ntchito yake ndi kuwamba ng'oma, kuigogoda ndi chala, kuibwezeranso pamoto mpaka mawu atakwera. Akaiyandikitsa kwambiri chikopa chimapsa. Akachedwa, gule amayamba ng'oma isadapse. Zina zimafuna phula pakati kuti mawu atsike. Mnyamata ameneyu sewero saliona, amangolimva kukhoma.

Vuto lalikulu lili kwa osema. Ng'oma imafuna thunthu la mtengo wachilengedwe, lalikulu bwino, louma pang'onopang'ono kuti lisang'aluke. Mitengo yotere ku Thyolo yasowa. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo idadulidwa kwambiri, ndipo bulugamu amene wadzaza m'maesiteti adadzalidwira nkhuni zoumitsira tiyi kufakitale. Amisiri osema ambiri ndi okalamba, ndipo achinyamata ofuna kukhala nawo pansi ndi sompho ndi ochepa. Gulu likhoza kugula kiyibodi kapena kuika nyimbo pafoni, koma foni siidziwa kudikira wovina amene waphonya phazi. Woimba ng'oma amayang'ana miyendo ya ovina n'kuwatsata.

Telala wa pakhonde

Pakhonde la sitolo iliyonse pamsika pali telala ndi makina ake opalasa. Kwa iyeyo ndi komwe gulu limathamangira sabata yomaliza, litanyamula nsalu zosakwanira ndi malonjezo ambiri. Tsoka lake, nyengo ya zisudzo imakumana ndi ya maukwati, ya Khirisimasi kapena yotsegulira sukulu, pomwe telalayo ali ndi mulu wa mayunifolomu a anthu olipira pompopompo.

Chovala cha pansanja si cha paukwati. Chiyenera kuoneka kwa munthu wokhala kumbuyo kwenikweni, kulola mwendo kukwera povina, ndi kuvulika m'kanthawi kochepa mumdima. Telala wozolowera amapewa mabatani ambiri n'kuika zingwe kapena lasitiki, ndipo amasiya nsalu yapadera m'mphepete kuti chovala chomwecho chidzakwane wina chaka chamawa. Jekete ya bwana, chipewa cha mzungu wakale ndi nsapato za mlonda zimasakidwa pakaunjika, ndipo wodziwa kusaka amapita m'mawa belo likangotsegulidwa.

Zotsala amapanga ndi amene tingamutche mmisiri wa zipangizo. Katoni amasanduka wailesi kapena galimoto, chiguduli chimasanduka khoma, nsungwi imasanduka mfuti. Ufa kapena choko amakalambitsa mnyamata wa zaka 20, makala amameretsa ndevu. Dengu lotcholera tiyi ndi sikelo sizivuta kupeza, koma katundu wa kampani satengedwa popanda kupempha, pakuti nthabwala ya pansanja ikhoza kuchotsetsa munthu ntchito.

Mpando wa mfumu umabwerekedwa kwa aphunzitsi, mkeka kwa anakubala, ndowa kwa oyandikana nawo. Payenera kukhala munthu mmodzi wolemba chilichonse chobwerekedwa ndi kuchibweza m'mawa mwake. Magulu ambiri adataya mbiri osati chifukwa cha sewero loipa, koma chifukwa cha mpando umodzi wothyoka umene palibe adapita kukapepesa.

Magetsi akathima

Kale sewero linkachitika pabwalo masana, mawu a pakamwa n'kukwanira. Masiku ano oonera adazolowera zokuzira mawu, ndipo holo ya malata mvula ikagwa palibe amamva mnzake. Choncho gulu limabwereka kapena kuchita hayala zipangizo kwa a tchalitchi kapena kwa oimbitsa nyimbo m'maukwati.

Woyendetsa zipangizozi amafika woyamba n'kuchoka womaliza. Amadziwa kuti maikolofoni ikayang'anizana ndi sipika imalira mosokosa, kuti maikolofoni awiri ayenera kuzungulira anthu khumi popanda kukolana nthambo, ndipo kuti magetsi a ESCOM sapangana ndi munthu. Jenereta imaikidwa patali kuti isaphimbe mawu, ndiponso panja nthawi zonse, chifukwa utsi wake m'chipinda chotseka umapha. Mafuta amagulidwa dzulo lake, poti pa tsikulo pafilingi siteshoni pakhoza kukhala pouma. Nthambo zolumikiza ndi mapepala a shuga, m'holo modzaza ana osavala nsapato, ndi ngozi yomwe wotsogolera aliyense ayenera kuikana ngakhale nthawi itatha.

Munthu ameneyu akagwira bwino ntchito palibe amamuona. Akalakwitsa kamodzi, holo yonse imatembenuka kumuyang'ana.

Pakhomo ndi pomwe magulu amafera

Wapakhomo ali ndi ntchito yodanitsa. Pamzere pali malume ake, mkazi wa abusa, mwana wa amfumu ndi anzake a kuntchito, aliyense akuyembekeza kulowa ulere. Akalola onse, mbale imatsala yopanda kanthu. Akakana onse, mawa sadzapatsidwa moni. Gulu lokhwima limagwirizana kale chiwerengero cha alendo oitanidwa, limadinda matikiti, ndipo pakhomo limaika anthu awiri, wina wolandira ndalama wina wong'amba tikiti.

Ndalama iwerengedwe tsiku lomwelo, anthu osachepera atatu akuona, ndipo ilembedwe m'buku. Zoyamba kulipidwa ndi ngongole: holo, mafuta, zokuzira mawu, telala ndi mayendedwe a katundu pa kabaza kapena pa lole. Chotsala ndiye chigawidwe, ndipo kachigawo kasungidwe ka sewero lotsatira. Apa ndi pomwe pamabuka mkangano. Wosewera wotchuka amati anthu adabwerera iye. Zoona, koma akadavina ng'oma yake iti, atavala chiyani?

Pali phunziro la zaka za m'mbuyomu. Edzi itavuta, mabungwe ambiri adagwiritsa ntchito zisudzo pofalitsa uthenga. Ku Thyolo bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba ntchito yolimbana ndi matendawa m'chaka cha 1997, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa m'bomali m'chaka cha 2003. M'zaka zimenezo timagulu ta zisudzo tidaphuka ngati bowa m'dziko muno, ndipo tidathandiza kuti anthu asiye kuopa kukayezetsa magazi. Koma timagulu tambiri tidazolowera alawansi ndi malaya aulere. Ntchito za mabungwe zitatha, nato tidatha. Otsala ndi aja adaphunzira kukhala ndi ndalama ya pakhomo, ngakhale yochepa, n'kuigawa mwachilungamo.

Lero mpikisano ndi wina: mpira wa ku England pakanema, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndi timasewero ta pafoni. Foni yomweyo ikhoza kuthandiza, poitanira anthu pa WhatsApp ndi Facebook kapena polandirira ndalama. Koma chomwe foni singapereke ndi kuona mwana wa pakhomo loyandikana akuimba za moyo wanu womwe, inu muli pomwepo.

Amayi ndi akuluakulu

Palinso ena omwe ngakhale gulu lenilenilo limaiwala kuwawerenga. Amayi amene amaphika nsima ya anthu 20 tsiku la sewero, n'kutunga madzi osamba ovina. Mkulu amene amapita kwa amfumu kukapempha bwalo, kwa ahedi kukapempha holo, ndi kupolisi kapena kwa achitetezo a m'mudzi kukadziwitsa za msonkhano wa anthu. Mnyamata amene amalemba zikwangwani n'kukamata pachigayo, pasiteji ya minibasi ndi pachipata cha fakitale.

Wofunika koposa ndi mayi wamkulu woyang'anira atsikana. Makolo ambiri amakaniza ana awo aakazi zisudzo, ndipo nkhawa yawo ili ndi maziko. Kukonzekera kukatha usiku, njira zodutsa m'minda ya tiyi ndi zazitali ndiponso zamdima. Pamakhalanso atsogoleri ena osalongosoka amene amagwiritsa ntchito udindo wogawa mbali za m'sewero pofuna kunyengerera atsikana. Gulu lofuna kukhalitsa limaweruka dzuwa lisadalowe, limakhala ndi malo osiyana osinthira zovala, limaperekeza atsikana mpaka pakhomo, ndipo ana a sukulu limawamasula nthawi ya mayeso. Kholo lili ndi ufulu wofika pamalo okonzekera osalonjeza. Gulu lomwe likukana zimenezo, mwana wanu asapiteko.

Akatswiri adasiya phunziro

Mbiri ya zisudzo m'dziko muno ikuonetsa kuti dzina la munthu mmodzi silisenza gulu mpaka kalekale. Du Chisiza Jr adatchuka ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre, pomwe sewero lake lidapambana mpikisano wa ATEM m'chaka cha 1982. Adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre m'chaka cha 1987, ndipo ankalemba, kutsogolera ndi kusewera yemwe. Atamwalira m'chaka cha 1999, Gertrude Kamkwatira adagwirizira gululo kwa kanthawi asadayambitse lake la Wanna-Do, koma naye adatisiya m'chaka cha 2006. Mpata umene awiriwa adasiya udatenga nthawi kuti utsekeke.

Gulu la Kwathu, lomwe lidayamba kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 n'kumasewera m'Chichewa, anthu ankalidziwa ndi Izeki ndi Jakobo. John Nyanga adamwalira m'chaka cha 2016, Eric Mabedi m'chaka cha 2021. Kwa zaka zambiri gululi lidazungulira m'maholo a m'maboma, ndipo ulendo uliwonse wotere umafuna wina wokakonzeratu holo, womata zikwangwani, wopakira katundu ndi wowerenga ndalama. Nawo malo ofunika amatha: French Cultural Centre ya ku Blantyre, yomwe idali likulu la zisudzo kwa zaka zambiri, idatsekedwa m'chaka cha 2011, ndipo a zisudzo adasowa pogwira.

Ngati zili choncho ndi magulu a mumzinda, kuli bwanji kagulu ka pakomboni komwe woimba ng'oma ndi mmodzi yekha, ndipo kontirakiti yake ikutha mu Epulo? Mutu umodzi susenza denga. Mmisiri aliyense wa kuseri ayenera kukhala ndi wachinyamata pambali pake, wophunzira kuwamba, kusoka, kulumikiza nthambo ndi kulemba buku la ndalama. Si mwana aliyense angaimbe kapena kuseketsa anthu. Wamanyazi uja, wokonda kumasula wailesi kapena kujambula pakhoma ndi makala, malo ake alipo, ndipo luso limene angaphunzire kumeneko ndi lomwe ena akudyera m'maukwati, m'matchalitchi ndi m'mashopu a utelala.

Zina sizifuna ndalama. Sewero likatha, wotsogolera aitane onse a kuseri abwere kutsogolo, awatchule mayina mmodzimmodzi pamodzi ndi ntchito zawo. Pachikwangwani palembedwe wopeka nyimbo ndi wosoka zovala. A sukulu, a mipingo ndi a maesiteti amene ali ndi maholo atsitse mtengo kwa magulu a m'deralo, ndipo apereke kachipinda kosungira ng'oma kuti zisanyowe.

Inunso oonera muli ndi mbali yanu. Lipirani pakhomo ngakhale wapakhomoyo ndi mphwanu. Mukabwereketsa mpando, bwereketsani ndi mtima umodzi. Ndipo ulendo wina mukadzapita kukaonera sewero, musadzathamangire kutuluka. Dzazungulireni kuseri kwa holo. Mukapezako mnyamata akuzimitsa kamoto, maso ali psuu ndi utsi, mayi akupinda zovala zonyowa ndi thukuta, ndi mkulu akukulunga nthambo. Apatseni moni, muwauze kuti ntchito yawo mwaiona.